Michael Faraday ndi Buku Lake la Tsiku ndi Tsiku

Mukayatsa getsi madzulo kuti mukonze phunziro la mawa, mukudyerera thukuta la munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Makina opanga magetsi ku Kariba ndi ku Kafue Gorge amayenda potsata cinthu cimene iye anatulukira. Munthuyo ndi Michael Faraday, mwana wa mmisiri wosula zitsulo, amene anabadwira m'mbali mwa mzinda wa London m'caka ca 1791.

Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira nchito yosoka mabuku kwa George Riebau, ndipo mabuku obwera kudzasokedwa iye anali kuwawerenganso. Limodzi mwa mabukuwo, lolembedwa ndi Isaac Watts, linali kulangiza wofuna nzeru kuti azisunga buku lolembamo zimene waphunzira. Mnyamatayo anamvera. M'caka ca 1812 anakamvetsera maphunziro anayi a katswiri wa sayansi, Humphry Davy. Analemba zonse zimene anamva, nazisoka kukhala buku, nalitumiza kwa mwini wake. Caka cotsatira analembedwa nchito yothandiza Davy pa Royal Institution.

Tsono taonani m'mene anali kulembera atakula. Tsiku lililonse loyesa zinthu anali kulemba deti, cimene wacita, cimene waona ndi maso, ndiponso cimene akuganiza kuti ayesenso. Zolephereka sanali kuzibisa. M'zaka za m'ma 1820 anayesa kangapo kupeza magetsi kucokera ku maginito, osaona kanthu, ndipo analemba momwemo kuti palibe caoneka. Pa 29 Ogasiti 1831 anakulunga mawaya awiri pa mkombero wacitsulo, naona kuti kamuvi ka cipangizo coyezera kakugwedezeka pa kamphindi kolumikiza batire ndi kamphindi kolicotsa cabe. Apa m'pamene panali cinsinsi: magetsi amabadwa pamene mphamvu ya maginito ikusintha, osati pamene ili phee.

Inunso, mukapita kukayesa kuphunzitsa, mudzafunika kulemba m'mene phunziro layendera. Ambiri amangoti layenda bwino, poopa wodzawayendera. Mau otere sathandiza munthu. Ngati ana a Giredi 2 anasokoneza "nda" ndi "nta", lembani zimenezo, ndi mau amene munagwiritsa nchito, ndi cimene mudzasintha mawa.

Kuyambira mu 1832 Faraday anali kuika nambala pa ndime iliyonse kuti asavutike kuipeza, ndipo pofika mu 1860 nambalazo zinali zitakwana 16,041. Ici cinamthandiza kwambiri, pakuti kuyambira ca m'ma 1839 anayamba kudwaladwala ndi kuiwala zinthu. Komabe buku losatsegulidwa silikumbutsa mwini wake. M'caka ca 1849 anatha masabata 6 akuyesa zinthu zimene sizinaphule kanthu, ndipo atabwerera m'zolemba zake anapeza kuti anali ataziyesa kale miyezi ingapo m'mbuyomo, zotsatira zake n'zomwezo. Iye sanacite manyazi kuulula zimenezi m'kalata kwa mnzake wa ku Italy.

Faraday anamwalira pa 25 Ogasiti 1867. Zolemba zake za tsiku ndi tsiku anazisiyira Royal Institution, zambiri atazisoka yekha ndi luso la paunyamata lija. Zinasindikizidwa pakati pa 1932 ndi 1936, m'mabuku akuluakulu 7.