Mnyamata wopulupudza amene anajambula ubongo

Kodi muli ndi mwana amene anthu amamunena kuti ndi wosamva? Musafulumire kutaya mtima. Imvani mbiri ya Santiago Ramón y Cajal.

Cajal anabadwa pa 1 Meyi 1852 m'kamudzi ka Petilla, ku Spain. Bambo ake anali dokotala. Mwanayu sukulu sankaifuna, iye n'kujambula zithunzi basi. Ali ndi zaka 11 anapanga yekha mfuti yaikulu, n'kuphwanya nayo cipata ca eni ake. Anamutsekera masiku angapo. Bambo ake atatopa naye, anakamusiya kwa wometa tsitsi, kenako kwa wosoka nsapato.

Cimene cinamubweza ndi kujambula komweko. Bambo ake anayamba kumuphunzitsa za mafupa a munthu, iye n'kumawajambula. Apa mutu unagwira. Mu 1873 anakhala dokotala, ndipo caka cotsatira anapita ku Cuba kukathandiza asilikali. Kumeneko anadwala malungo, omwewa amativuta kunyanja kuno, moti anabwerera kwawo ali mafupa okhaokha. Mu 1877 anagula ndi ndalama zake maikulosikopu, cipangizo cokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso.

Masiku amenewo akatswiri ambiri ankati ubongo uli ngati ukonde umodzi, wolukidwa wosaduka paliponse. Mmodzi wa iwo, Camillo Golgi wa ku Italy, anapeza mankhwala odetsa tizigawo ta ubongo kuti tizioneka. Tizigawoti timachedwa maselo. Cajal anaona njirayi mu 1887, n'kuyamba kuigwiritsa nchito.

Koma ubongo wa wamkulu ndi wowirira ngati nkhalango, sungaone pamene nthambi yacokera. Ndiye Cajal anaganiza zoyang'ana nkhalangoyo mitengo idakali yaing'ono. Anatenga tiana ta nyama ndi anapiye osaswa, adakali m'dzira. Zimene ankaona, ankazijambula ndi dzanja lake lija.

Anapeza kuti ubongo si ukonde umodzi ayi. Selo lililonse lili palokha, ndipo limatulutsa timinyewa tokagundana ndi anzake kuti uthenga udutse. Mu 1890 anaona nsonga ya kamnyewa kamene kakukula, ikufufuza njira monga ucitira muzu wa cinangwa m'nthaka. Mwaona? Ubongo wa mwana subadwa wothaitha. Umalumikizana pang'onopang'ono. Mu 1894, polankhula ku London, Cajal ananena maganizo ake akuti ubongo ukamagwira nchito, nthambi zake zimaculuka. Mu 1906 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Golgi, ngakhale awiriwa sankagwirizana. Anamwalira ku Madrid pa 17 Okutobala 1934, ali ndi zaka 82.

Akatswiri amene anabwera pambuyo pake atsimikiza zambiri mwa izi. Lero tikudziwa kuti maselo a ubongo amalumikizana mwacangu kwambiri kuyambira mwana ali m'mimba mpaka zaka zoyambirira. Akamafika zaka 6, ubongo wake umakhala utatsala pang'ono kufanana kukula ndi wanu. Njira zimene mwana amazigwiritsa nchito zimalimba. Zimene sazigwiritsa nchito zimafota, ngati kanjira ka kumunda kosapitamo anthu.

Tsono inu mayi, inu bambo, inu agogo a ku Metangula, ku Messumba kapena ku Cóbuè, nchitoyi ili m'manja mwanu. Lankhulani ndi khanda ngakhale silinayambe kuyankha. Likamwetulira, mwetulirani. Posoka ukonde, muzimuchulira mwana maina a nsomba: uyu usipa, ici cambo, uyu kampango. Madzulo muimbireni, musimbireni nthano. Miyezi 6 yoyamba ayamwe bere lokha. Ikatha, apitirize kuyamwa, koma muziikanso usipa wosinja m'phala lake, ndi kuphika ndi mcere wa ayodini. Azigona m'neti, cifukwa malungo akafika ku ubongo amatha kuuwononga.

Nanga mwana wanu uja wokonda kulembalemba pamcenga ndi kamtengo? Musamukalipire. Khalani naye pansi, mumufunse cimene wajambula. Ndipo inu amene mwawerenga nkhaniyi mpaka pano, dziwani kuti ubongo wa wamkulu nawo umatsegula njira zatsopano ukamaphunzira. Mukatha, muitaneni mwanayo mumuwerengere.