Lavoisier, munthu wa sikelo

Kuli dziko lakutali dzina lake France. Dzikoli lili ku Ulaya. Mzinda wake waukulu ndi Paris. Mu mzinda umenewu munabadwa mwana wamwamuna pa 26 Ogasiti caka ca 1743. Dzina lake linali Antoine Lavoisier. Dzinali ndi lovuta kulemba, koma timalichula kuti Lavuwaziye.

Ana inu, mverani mbiri yake. Makolo, werengani pamodzi ndi ana anu, gawo limodzi pa tsiku. Munthu ameneyu anamwalira kalekale, koma nchito yake timakumana nayo ku msika, ku cigayo ndi ku cipatala, paliponse pamene pali sikelo.

1. Ubwana wake

Atate a Antoine anali loya, munthu wodziwa malamulo. Pa nyumba pao panali cuma. Koma pamene Antoine anali ndi zaka 5, amai ake anamwalira. Analeredwa ndi agogo ake aakazi pamodzi ndi mbale wa amai ake.

Atafika zaka 11 analowa sukulu yochedwa Collège Mazarin. Atakula anaphunzira za malamulo monga atate ake. Koma mtima wake unali pa zinthu zina. Anakonda kuyang'ana miyala, zomera, madzi ndi nyengo. Zonse zimene anaona anali kuzilemba m'buku.

Mu 1766 analandira mendulo ya golide cifukwa analemba njira yabwino younikira misewu ya mzinda usiku. Mu 1768 anamusankha kulowa m'bungwe la anthu a sayansi la ku Paris. Anali akali mnyamata.

Lavoisier anasankha phunziro la kemisitiri, limene pa Cipwitikizi timalicha kimika. Phunziroli limafunsa mafunso awa: kodi cinthu ici cinapangidwa ndi ciani? Nanga cikapsa, cikasungunuka kapena cikacita dzimbiri, cimasanduka ciani?

2. Kodi madzi angasanduke dothi?

Masiku amenewo anthu ena ophunzira anali kukhulupirira kuti madzi angasanduke dothi. Iwo akawiritsa madzi nthawi yaitali m'botolo la galasi, anali kuona tizinthu tonga fumbi pansi pa botolo. Ndiye anali kuganiza kuti madzi aja abala dothi.

Lavoisier sanakangane nao ndi pakamwa. Anatenga sikelo, imene ena amaicha balansa. Poyamba anayeza botolo lopanda kanthu, nalemba kulemera kwake. Anathiramo madzi oyera, natseka bwinobwino, nayezanso, nalemba. Kenaka anaika botolo pa moto masiku 101. Masiku amenewa ndi miyezi itatu ndi masiku ena pamwamba.

Fumbi lija linaonekadi. Lavoisier anayezanso. Botolo pamodzi ndi madzi linalemera monga poyamba. Anakhuthula madzi nayeza botolo lokha. Botolo linali litapepuka pang'ono! Kulemera kumene botolo linataya kunali pafupifupi kofanana ndi kulemera kwa fumbi. Tsono cinsinsi cinadziwika. Fumbi silinacokere ku madzi ai. Linacokera ku galasi la botolo, limene madzi otentha anali kulidya pang'onopang'ono.

Maso ananyenga anthu, koma sikelo inaonetsa zoona.

3. Marie-Anne

Mu 1771 Lavoisier anakwatira Marie-Anne Paulze. Iye anali ndi zaka 28, ndipo mtsikanayo anali ndi zaka 13 zokha. Zotere zinali kucitika ku France masiku amenewo. Kuno ku Mozambique lamulo la caka ca 2019 limaletsa kukwatiwitsa mwana amene sanafike zaka 18. Malo a mwana ndi ku sukulu.

Marie-Anne atakula anakhala munthu wa sayansi nayenso. Anaphunzira Cingerezi, ndipo anali kumasulira mabuku a ku England m'Cifalansa kuti mwamuna wake awerenge. Anaphunziranso kujambula. Pamene Lavoisier anali kuyeza, Marie-Anne anali kulemba manambala. Popanda kulemba, zoyeza zimaiwalika msanga.

4. Moto ndi mpweya

Nkhuni zikapsa pamatsala phulusa. Mtolo wa nkhuni ndi wolemera, koma phulusa lake ndi lopepuka. Nanga zina zija zapita kuti? Anthu ophunzira a nthawi imeneyo anali kunena kuti cinthu cikamapsa mumatuluka kanthu kosaoneka, kamene anakacha fulojisitoni.

Lavoisier anabwereranso ku sikelo yake. Mu 1772 anatentha sulufule, nayeza zimene zinatulukapo. Anapeza zodabwitsa. Zinthuzo zinalemera kuposa sulufule amene anayamba naye. Ngati kanthu kanatuluka, zinalemera bwanji?

Mu 1774 anaika citsulo cofewa cochedwa tini m'botolo. Anatseka botolo kuti mpweya usalowe ndiponso usatuluke. Anayeza. Anatenthetsa botolo mpaka mbali ina ya citsulo inasanduka ngati phulusa. Anayezanso. Kulemera sikunasinthe. Atatsegula botolo, mpweya wa kunja unalowa mofulumira, ndipo pamenepo botolo linalemera koposa. Lavoisier anazindikira kuti citsulo cinatenga mbali ina ya mpweya umene unali m'botolo.

Caka comweco munthu wa ku England, Joseph Priestley, anafika ku Paris. Iye anauza Lavoisier za mpweya wina umene anaupeza. Mu mpweya umenewo kandulo inali kuyaka kwambiri. Lavoisier sanali woyamba kuupeza, koma ndiye anafotokoza nchito yake, ndipo anaupatsa dzina lakuti okosijeni. Mwa magawo 5 a mpweya umene watizinga, pafupifupi gawo limodzi ndi okosijeni. Moto umafuna okosijeni. Ife popuma timafuna okosijeni. Khasu likacita dzimbiri, citsulo cake cagwirizana ndi okosijeni.

Nanga nkhuni zija? Sizinasowe ai. Mbali yocepa inatsala ngati phulusa. Mbali yaikulu inagwirizana ndi okosijeni n'kukwera kumwamba ngati utsi, nthunzi ndi mpweya wosaoneka.

Apa pali lamulo lalikulu la kemisitiri. Zinthu zimasintha maonekedwe, koma kulemera kwa zonse pamodzi sikusintha. Tikayeza zonse poyamba, n'kuyezanso zonse pomaliza, nambala imakhala imodzimodzi.

5. Madzi ali ndi zinthu ziwiri

Kuyambira kale anthu anali kuganiza kuti madzi ndi cinthu cimodzi cosagawika. Mu 1783 Lavoisier ndi mnzake Pierre-Simon Laplace anatentha mpweya wina wopepuka pamodzi ndi okosijeni. M'botolo munaoneka madontho a madzi. Mpweya wopepukawo unalandira dzina lakuti haidirojeni.

Lero tikudziwa kuti m'makilo 9 a madzi muli pafupifupi makilo 8 a okosijeni ndi kilo imodzi ya haidirojeni. Tiyeni tiwerenge: 8 + 1 = 9. Palibe catayika.

Mu 1789 Lavoisier anatulutsa buku lophunzitsa kemisitiri. Zithunzi za zipangizo m'bukumo anajambula ndi Marie-Anne. M'bukumo munali mndandanda wa zinthu 33 zimene iye anaganiza kuti sizingagawike. Pa zina analakwitsa, pakuti anaikamo kuwala ndi kutentha. Amene anabwera pambuyo pake anakonza. Lero zinthu zotere zodziwika zilipo 118.

6. Muyezo umodzi wa anthu onse

Ku msika mai wina amagulitsa nyemba ndi citini cacikulu. Mai wina amagulitsa ndi citini cacing'ono. Onse awiri amati ndi citini cimodzi. Wogula angadziwe bwanji kuti sanapunjidwe?

Ku France vuto limeneli linali lalikulu. Mzinda uliwonse unali ndi miyezo yakeyake. Dzina la muyezo linali limodzi, koma kukula kunali kosiyana. Alimi ndi anthu osauka ndiwo anali kuvutika kwambiri.

Boma linapempha anthu a sayansi kuti apange muyezo umodzi wa anthu onse. Lavoisier anali mmodzi wa iwo. Muyezo wa kutalika anautenga ku kukula kwa dziko lapansi, ndipo anaucha mita. Muyezo wa kulemera anautenga ku madzi, cifukwa madzi amapezeka kulikonse. Mu 1793 Lavoisier ndi René-Just Haüy anayeza kulemera kwa madzi oyera mosamala kwambiri. Nchito imeneyi ndiyo inatsegula njira ya kilo.

Nayi miyezo imene timagwiritsa nchito:

Mita imodzi ndi masentimita 100.
Kilo imodzi ndi magalamu 1000.
Theka la kilo ndi magalamu 500.
Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi.

Taganizani kabokosi kamene m'litali ndi masentimita 10, m'lifupi masentimita 10, kuya kwake masentimita 10. Madzi odzaza kabokosi kameneka ndi lita imodzi. Cigubu ca malita 5 cili ndi makilo 5 a madzi. Ndowa ya malita 20 ili ndi makilo 20 a madzi. N'cifukwa cake mwana wamng'ono sayenera kusenza ndowa yodzaza.

Kilo ya ku Ulongwe ndi yofanana ndi kilo ya ku Lichinga, ya ku Maputo ndi ya ku Paris. Namwino akayeza khanda pa sikelo, nambala imene walemba pa khadi ingawerengedwe ndi namwino wa ku cipatala cina ciliconse.

7. Msonkho ndi imfa

Masikelo a Lavoisier anali odula kwambiri. Ndalama anazipeza kuti? Kuyambira mu 1768 iye anali m'kampani yokhometsa msonkho m'dzina la mfumu. Kampaniyi inali kutenga msonkho pa mcere, pa fodya ndi pa katundu wolowa mu mzinda. Eni kampani analemera, pamene anthu ambiri anali ndi njala. Lavoisier analimbikitsanso zomanga mpanda kuzungulira Paris kuti katundu asalowe wosalipira msonkho. Anthu anadana nao mpanda umenewo, ndipo anadana ndi okhometsa msonkho.

Mu 1789 anthu a ku France anaukira ulamuliro wa mfumu. Mu 1793 mfumu inaphedwa, ndipo bungwe la sayansi linatsekedwa. Kumapeto kwa caka cimeneco okhometsa msonkho anamangidwa. Lavoisier anali pakati pao. Mlandu unaweruzidwa mofulumira. Pa 8 Meyi 1794 Lavoisier anaphedwa pamodzi ndi anzake 27. Mmodzi wa iwo anali apongozi ake, atate a Marie-Anne. Lavoisier anali ndi zaka 50.

Marie-Anne anataya mwamuna ndi atate tsiku limodzi. Boma linalanda mabuku ndi zipangizo zao, koma pambuyo pake linabweza. Iye anasonkhanitsa zolemba za mwamuna wake nazisindikiza kuti zisatayike. Anamwalira mu 1836.

Mu 1795 lamulo la miyezo yatsopano linakhazikitsidwa ku France. Lavoisier sanalione. Pang'onopang'ono mita, lita ndi kilo zinafalikira ku maiko ambiri, mpaka kuno kwathu.

Mafunso

1. Kodi Lavoisier anabadwira mu mzinda uti?
2. Fumbi la m'botolo linacokera kuti?
3. Chulani nchito ziwiri zimene Marie-Anne anali kucita.
4. Cigubu ca malita 2 cili ndi makilo angati a madzi?
5. Amai agula makilo 3 a ufa ndi makilo 2 a nyemba. Onse pamodzi ndi makilo angati?
6. Cifukwa ciani anthu anadana ndi okhometsa msonkho?

Nchito ya kunyumba

Pemphani akulu akuthandizeni kupanga sikelo. Tengani kamtengo koongoka, cingwe ndi zitini ziwiri zofanana. Mangani citini cimodzi ku nsonga iyi, cina ku nsonga inayo. Mangani cingwe pakati, mupacike pa nthambi, kamtengo kaime molingana.

M'zitini zonse ziwiri thirani madzi ofanana. M'citini ciliconse ikani supuni ziwiri za mcere. Onani kuti kamtengo kaima molingana. Tsopano takasani citini cimodzi cokha mpaka mcere usungunuke. Mcere sukuonekanso. Kodi citini cimeneco capepuka? Lawani madziwo. Mawa mudzauze aphunzitsi ndi anzanu zimene mwaona.