APOLO KIVEBULAYA, MPHUNZITSI WA KU MBOGA

Pa tsiku la 30 May mipingo ya Anglican imakumbukira munthu wa ku Uganda, dzina lace Apolo Kivebulaya, amene anamwalira pa tsiku lomwelo m'caka ca 1933. Munthuyu sanapite patali ndi sukulu, ndipo pa imfa yace cuma cace cacikuru cinali ng'ombe ziwiri. Koma anthu a mitundu yambiri anatembenukira kwa Mulungu cifukwa ca kuona makhalidwe ace.

Anabadwira ku Singo, m'dziko la Buganda, pafupi ndi caka ca 1864. Anali mwana wa mapasa, cifukwa cace anamucha Waswa, monga Aganda amachulira mwana wamwamuna woyamba kubadwa wa mapasa. Unyamata wace unagwa m'masiku oipa. Mfumu Mwanga inapha anyamata Acikristu m'zaka za 1885 ndi 1886, ndipo posacedwa nkhondo inabuka pakati pa Asilamu ndi Akristu. Waswa anagwira mfuti m'gulu la Asilamu, nazolowera kusuta camba. Koma anali atamvako kale ciphunzitso ca mmishoni Alexander Mackay, ndipo mauwo sanamcoke mumtima. Nkhondo itatha anaphunzira kuwerenga, nasiya camba, nabatizidwa pa 10 January 1895. Anadzisankhira dzina la Apolo, mlaliki wacangu uja wochulidwa m'Macitidwe a Atumwi, mutu 18. Dzina lakuti Kivebulaya, ndiko kunena cinthu cocokera ku Ulaya, anamucha anthu pomuona atabvala jekete lofiira la usilikali pamwamba pa mkanjo woyera. Namwali amene anafuna kumkwatira anamwalira ukwati usanacitike, ndipo Apolo sanafunenso mkazi wina masiku onse a moyo wace.

M'caka comwe ca ubatizo wace anadzipereka kunka ku Toro, dziko lakumadzulo, kukaphunzitsa Mau a Mulungu. Pa kutha kwa 1896 anapitirira kuseri kwa mapiri a Ruwenzori, naoloka mtsinje wa Semliki, nafika ku Mboga, m'mphepete mwa nkhalango yaikuru ya Congo. Aphunzitsi amene anamtsogolera kumeneko analephera kukhalitsa, pakuti eni mudzi anawamana cakudya. Apolo anadziwa zimenezi, ndipo popita m'thengo anadula mipini ya makasu, kuti akalime munda wacewace. Ici cioneka cinthu cacing'ono, koma ndico cinayamba kutsegula maso a anthu a ku Mboga. Anaona kuti mlendo uyu sanadzere kudya thukuta lao, ndi kuti njala siidzamcotsa.

Mfumu ya dzikolo, Tabaro, poyamba inamlandira, koma cibwenzi cao sicinakhalitse. Apolo anatsutsa poyera kuledzera, mitala ndi maula, ndipo anthu amene anabwera kudzaphunzira anayamba kutaya zithumwa zao. Oombeza ula anaipidwa nazo, nasonkhezera mfumu. Tabaro analetsa anthu kupita kukapemphera, nyumba ya Apolo anaitentha. Iye anamanga yina, napitiriza kuomba ng'oma yoitanira anthu kumapemphero.

M'caka ca 1898 tsoka linagwa. Mlongo wace wa mfumu anagwera pa mkondo umene unasiyidwa m'udzu pafupi ndi pomangira chalichi, nafa ndi bala lace. Mlandu wa mwazi anaukankhira pa Apolo. Anamgwira, namkwapula koopsa. Ndipo anthu a kumeneko amasimba kuti anamtaya m'chire alikuyesa kuti wafa, koma mai wina wa mwa ophunzira ace anampeza akali kupuma, nambisa, namlera mpaka mabala anapola. Pambuyo pace anamtumiza womangidwa ku Toro kuti akaweruzidwe. Ali m'ndende mtima wace unafooka ndithu. Usiku wina analota Yesu alikuwala ngati dzuwa, namlimbikitsa kuti asaope. Ndipo lotolo analisimba kawirikawiri kufikira ukalamba wace. Akulu a boma atafunsa mlanduwo sanampeze ndi cifukwa, nammasula.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yace. Munthu wina akanathokoza Mulungu kuti wapulumuka, nakakhala kwao mwamtendere, kapena akanafuna kuti omnamizira alangidwe. Apolo anabwerera ku Mboga komweko, kwa anthu omwe anamkwapula, wopanda mau a cidzudzulo kapena kufunsa dipo. Tabaro anali atamva maulaliki ambiri osagwidwa nao mtima, koma ici sanathe kucikana. Anapempha kukhululukidwa, nakhala pansi pamodzi ndi anthu ace kuphunzira Mau, nabatizidwa ndi dzina lakuti Paulo. Ndipo iye amene anali mdani anasanduka bwenzi lace.

Bishopu Alfred Tucker anamdzoza udikoni mu 1900 ndi unsembe mu 1903. Zaka zambiri zotsatira anatumikira m'midzi ya ku Toro, woyenda pansi. Malire a maiko atasinthidwa, Mboga inagwera m'dziko la Congo lolamulidwa ndi Belgium, ndipo mpingo wa kumeneko unatsala wopanda mbusa, nuzirala. Apolo anabwerera mu 1916, ali ndi zaka zoposa 50, nayambanso nchito ngati kuti ndi yatsopano. Mu 1922 anamlemekeza ndi udindo wa Canon wa chalichi cacikuru ca Namirembe, koma ulemuwo sunasinthe cobvala cace kapena cakudya cace.

Nyumba yace inali yodzala ndi ana. Anyamata ndi asungwana, ena a iwo amasiye, anakhala naye, nadya naye, namuona akudzuka mbandakuca kupemphera ndi kuwerenga Buku Lopatulika, namuona akugwira khasu ndi kubzala mitengo yodzamangira machalichi. Anali munthu wansangala, wokonda kuseka ndi kuyimba. Ana amenewa ndiwo anakhala aphunzitsi amene iye anawatuma m'midzi ya m'nkhalango, ndipo zimene anakaphunzitsa kumeneko anali ataziona ndi maso pakhomo pa Apolo.

Kuyambira 1921 analowa m'kati mwa nkhalango kufunafuna Ambuti, anthu afupi msinkhu, osaka nyama, amene mitundu yoyandikana nao inawapeputsa. Iwo anali amantha ndi alendo, ndipo panali cifukwa. Apolo sanawaitanire kumudzi kwace, koma anapita iye kwao, atanyamula mcere wa mphatso. Anagona m'misasa yao ya masamba, nadya zimene iwo anadya, naphunzira cinenero cao. Sanafulumire kuwabatiza. Zinapita zaka zoposa 10 alikuyendera misasa imeneyo, ndipo oyamba mwa iwo anabatizidwa mu 1932, iye ali nkhalamba yotopa.

Caka cotsatira anadwala nthenda ya mtima, namwalira ku Mboga pakati pa ana ace. Ng'ombe zace ziwiri anasiyira mpingo. Mpingo umene anaubzala unakula, ndipo mu 1992 Akristu a Anglican a m'Congo anakhala cigawo coima pacokha, cokhala ndi Arkibishopu wace. Asanafe anapempha kuti pomuika asalozetse mutu wace kum'mawa, kumene kuli kwao ku Buganda, koma kumadzulo, kunkhalango kumene kunatsala anthu amene sanawafikire. Anamuika motero, ndipo manda ace ali pafupi ndi chalichi ca ku Mboga, mudzi umene tsopano uchedwa Boga.