Papa Pius XI, Wansembe Wokwera Mapiri

Achille Ratti anabadwa pa 31 May 1857 ku Desio, pafupi ndi mzinda wa Milan m'dziko la Italy. Analandira unsembe mu 1879, ndipo kuyambira 1888 ntchito yawo inali yosamala mabuku akale m'nyumba ya mabuku ya Ambrosiana ku Milan. Wa ntchito yotere anthu amamuyesa wofooka, wongodziwa mpando ndi nyali. Koma Bambo Ratti, tchuthi chikafika, ankatenga chingwe ndi ndodo ya nsonga yachitsulo nalunjika ku mapiri a Alps.

Pamalire a Italy ndi Switzerland pali phiri la Monte Rosa, limene nsonga yake yaitali koposa, Dufourspitze, ifika mamita 4,634. Kumwambako chipale chofewa sichisungunuka chonse. Chaka ndi chaka chimasanjikizana mpaka kusanduka madzi oundana olimba ngati mwala, amene amatsika pang'onopang'ono monga mtsinje waulesi. Mitsinje imeneyi ili ndi ming'alu yakuya yobisika pansi pa chipale, yomeza munthu wamoyo. Mbali ya kum'mawa, yoyang'ana mudzi wa Macugnaga, ndiyo yoopsa koposa, pakuti mu 1881 chipale chinagumuka nichipha Damiano Marinelli ndi omutsogolera awiri.

Ndi mbali yomweyo imene Bambo Ratti anasankha kumapeto kwa July 1889, pamodzi ndi wansembe mnzawo Luigi Grasselli ndi otsogolera awiri. Sanachite mwaphuma. Anayamba awerenga zonse zolembedwa za njirayo, nadikira nyengo yabwino, nanyamuka usiku chipale chikali cholimba. Anakwera tsiku lathunthu, ndipo dzuwa linawalowera ali pafupi ndi nsonga. Tsono anaima pa kamalo kopapatiza, nachezera usiku wonse chiimirire, akupondaponda kuti mapazi asaume. Khofi amene anatenga anaundana. Kutacha anafika pansonga, naolokera ku Switzerland kudzera pa mpata wa Zumstein, natsika ndi mtsinje woundana wa Grenz, ndipo usiku wachiwiri unawapezanso panja. Patangopita masiku ochepa Bambo Ratti anakwera Matterhorn, ndi Mont Blanc mu 1890.

Mtima wosatekesekawo unaonekanso kutali ndi mapiri. Mu August 1920, ali nthumwi ya Papa ku Poland, asilikali a chikomyunizimu a ku Russia anayandikira mzinda wa Warsaw. Akazembe ambiri a maiko anachokamo, iwo anakhala.

Pa 6 February 1922 anasankhidwa kukhala Papa, natenga dzina la Pius XI. Mapiri sanawakwerenso, koma sanawaiwale: mu 1923 anaika Bernardo Woyera wa ku Menthon, amene anamangira apaulendo nyumba yothawiramo pa mpata wa mapiriwo, kukhala nkhoswe ya okwera mapiri. Mu 1926 anakhazikitsa Lamulungu la Mishoni, nadzoza ndi manja awo maepiskopi 6 a ku China, poumirira kuti fuko lililonse likhale ndi ansembe akeake. Mu 1937, ali okalamba ndi odwala, anatumiza kalata yodzudzula chiphunzitso cha chipani cha Nazi, imene inalowa m'dziko la Germany mobisa ndi kuwerengedwa m'matchalitchi pa Lamulungu la Kanjedza.

Anamwalira ku Vatican pa 10 February 1939, ali ndi zaka 81.