Mayi Emma Delaney, mphunzitsi wa singano ndi ulusi pa Mbombwe

Amayi anzathu, miyezi ya Disembala ndi Januwale singano sipuma m'makomo mwathu. Ana a Sande sukulu amafuna mikanjo ya angelo, ya abusa a nkhosa ndi ya anzeru a kum'mawa, ndipo tikangopuma pang'ono lafika tsiku la 15 Januwale, pamene ana ena amachita sewero la John Chilembwe. Mnyamata wokhala Chilembwe savuta: jekete la bambo ake, kolala yoyera ndi chipewa, basi. Amene amatigoneka mochedwa ndi mtsikana wokhala Mayi Ida Chilembwe, chifukwa diresi lake liyenera kufika m'mapazi, la manja aatali ndi khosi lotseka, ndipo diresi lotere pa kaunjika wa pa Chiponde simungalipeze. Muyenera kusoka nokha. Mwezi uno tikufuna tikuuzeni za mayi amene anayambitsa kalasi ya zosoka pa mishoni ya Chilembwe, komwe madiresi amenewo ankavalidwa. Ambiri a ife dzina lake sitinalimvepo. Sanali wa mpingo wathu, anali wa Baptist, koma ntchito yake ndi yomweyi timaigwira ife tikakumana pakati pa sabata.

Emma Beard Delaney anabadwa pa 3 Januwale 1871 ku Fernandina, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Florida ku America. Anali munthu wakuda, ndipo pamene ankabadwa n'kuti patangopita zaka zisanu ukapolo utathetsedwa m'dzikolo mu 1865. Bambo ake, Daniel Sharpe Delaney, ankagwira ntchito yowongolera sitima ya pamadzi. Dzina la bambowa mulisunge, tikumana nalonso. Emma anayamba maphunziro pa sukulu ya masisitere a Chikatolika kwawo komweko, kenaka anapita ku Spelman Seminary mumzinda wa Atlanta. Sukulu imeneyi inatsegulidwa mu 1881 ndi amayi awiri, Sophia Packard ndi Harriet Giles, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, ndi cholinga chophunzitsa atsikana ndi amayi akuda omwe makolo awo, ndipo ena iwo eni, anali akapolo. Kumeneko buku ndi ntchito ya manja zinkayendera limodzi. Mtsikana ankaphunzira kuwerenga, komanso kusoka, kuphika ndi kusamalira odwala. Emma anamaliza maphunziro a umishoni mu 1894 ndipo a unamwino mu 1896.

Nthawi imeneyo John Chilembwe anali asanapite ku America. Anapita mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo mu 1900 anabwerera kudzatsegula Providence Industrial Mission pa Mbombwe ku Chiradzulu. Bungwe la mipingo ya anthu akuda la National Baptist Convention ndi lomwe linkamuthandiza, ndipo linamutumizira anthu awiri: M'busa Landon Cheek mu 1901, ndi Emma Delaney mu 1902. Dziko lino linali lisanatchedwe Nyasaland, linkatchedwa British Central Africa, ndipo njanji inali isanafike ku Blantyre. Alendo ankatsikira pa Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima, kotsalako n'kuyenda wapansi kapena pa machila. Mayi wa zaka 31, wosakwatiwa, anabwera kudzakhala pa mishoni yomwe inali itangoyamba kumene, yopanda ndalama, pakati pa minda ya azungu omwe sankakondwa kuona anthu akuda ophunzira.

Pa Mbombwe anaphunzitsa m'kalasi, anathandiza odwala monga namwino, anakhazikitsa gulu la amayi, ndipo anayambitsa makalasi a zosoka. Pa zonsezi ife tiima pa zosokazo, chifukwa anthu ambiri olemba mbiri amazidutsa ndi mzere umodzi ngati kanthu kochepa.

Tikumbuke kuti nsalu inali chiyani masiku amenewo. Anthu ambiri m'midzi ankavala nyanda ya makungwa a mitengo kapena zikopa. Nsalu ya thonje yochokera kunja inali chuma, moti inkagwira ntchito ya ndalama: wonyamula katundu ankalipidwa nsalu, ndipo mfumu inkadziwika ndi kuchuluka kwa nsalu zake. Ife a kuno ku Mangochi mbiri imeneyi ndi yathu, popeza amalonda a Chiyao ndi omwe ankabwera nazo nsaluzo kuchokera ku gombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi kwina, kudutsa m'dera lomwe lero ndi Niassa, kutsidya kwa malire athu a Mandimba. Nsalu yoyera yotchedwa melekani inatenga dzina lake ku America komwe inkawombedwa, ndipo thonje lake kwa zaka zambiri linkalimidwa ndi akapolo, anthu a mtundu wa Mayi Delaney. Amayi nsalu ankangoifunda kapena kuimanga pachifuwa. Kudula ndi kusoka mkanjo kapena kofiya kunali makamaka kwa amuna, ndipo ngakhale lero mukayang'ana pa makonde a masitolo pa Chiponde, pa Namwera kapena pa boma, atelala ambiri ndi abambo. Choncho kusonkhanitsa amayi, kuwagwiritsa sizasi, kuwaonetsa kuyeza mwana, kudula, kulumikiza manja ndi kupinda mpendero, chinali chinthu chatsopano ndithu. Amishoni aakazi a mipingo ina, kuphatikizapo a U.M.C.A. ku Likoma, ankaphunzitsanso atsikana kusoka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Mbombwe mphunzitsi anali wakuda ngati ophunzira ake, ndipo mwini mishoni anali mwana wa dera lomwelo.

Chilembwe nkhani ya zovala ankaitenga mwamphamvu. Iye ankavala suti, tayi ndi chipewa, ndipo ankafuna kuti anthu a pa mishoni yake, makamaka amayi, azioneka aukhondo ndi olemekezeka pamaso pa aliyense. Zithunzi zomwe zinatsala zikuonetsa zimenezi. Pali chithunzi cha banja lake, iye, Mayi Ida ndi mwana wawo, onse atavala za tsiku lalikulu. Palinso china cha Mayi Ida ali ndi amayi a m'kalasi yawo ya zosoka. Zithunzi zotere zinkatumizidwa ku America kuti opereka ndalama aone kumene thandizo lawo likupita. Koma banja la pa Mbombwe silikanatha kugula madiresi otere m'sitolo za ku Blantyre chaka ndi chaka. Kuti mwana aoneke bwino pa tsiku la ubatizo, pa ukwati kapena pa Khirisimasi, panafunika mayi wodziwa kusandutsa mayadi ochepa a nsalu kukhala chovala. Kalasi ya Mayi Delaney inalipo chifukwa cha zimenezi.

Apa tinene maganizo athu. Sitigwirizana ndi ganizo la nthawi imeneyo lakuti ulemu wa mayi uli m'diresi la Chizungu lotseka khosi, m'dziko lotentha ngati lino. Agogo athu omwe ankavala chilundu sanali operewera kanthu, ndipo ife lero timalowa m'tchalitchi ndi chitenje ndi duku popanda manyazi. Komabe tisafulumire kuwaseka a pa Mbombwe. Masiku amenewo munthu wakuda akavala chipewa ankayenera kuchivula akakumana ndi mzungu pa msewu, ndipo ena ankakalipiridwa kapena kumenyedwa chifukwa chosavula. Nkhondo ya 1915 itatha, anthu akuda omwe anakapereka umboni ku bungwe lofufuza lomwe boma linakhazikitsa anadandaula za nkhani ya chipewayi, pamodzi ndi thangata ndi msonkho. Mu 2022 mmisiri wa ku Malawi kuno, Samson Kambalu, anaimika chiboliboli cha Chilembwe pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, chotengera chithunzi cha 1914 pomwe Chilembwe waima pafupi ndi mmishoni wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu. Choncho mwana wanu akamavala chipewa cha katoni m'sewero la Januwale, muuzeni kuti asachivule pamene wokhala mzungu walowa. Chipewacho chili ndi nkhani yake. Chimodzimodzi diresi la Mayi Ida: mayi wakuda wovala bwino ngati dona, ndi chovala chosokedwa pa mishoni ya anthu akuda, ankanena kanthu ngakhale asanatsegule pakamwa.

Kwa amene mudzasoke diresili, zithunzi za nthawiyo zikutiphunzitsa zokwanira. Pamwamba pamakhala pothina, khosi lili ndi kolala yoimirira, manja otukuka pang'ono paphewa n'kuthina pamkono, ndipo siketi imakhwinyatidwa m'chiuno n'kutsika mpaka m'mapazi. Shiti ya pabedi yakale yoyera imakwanira mtsikana wa sitandade 6, ndipo zotsala zake zimatuluka lamba. Mpendero muupinde waukulu, wa zala zinayi kapena zisanu, kuti chaka chamawa mudzangoumasula mwana akatalika, kapena mng'ono wake adzavale ngati mngelo pa Khirisimasi. Zipi musaike, masiku amenewo madiresi ankatsekedwa ndi mabatani ndi tingowe.

Mayi Delaney sanakhalitse kuno. Pofika 1906 iwo ndi M'busa Cheek anali atabwerera ku America. Zaka zochepa chotero munthu angaganize kuti palibe chimene chinatsala. Koma kalasi ya zosoka sinatsekedwe, anaipitiriza Mayi Ida Chilembwe, ndipo banja la Chilembwe linatcha mwana wawo wamkazi dzina lakuti Emma. Mayi Ida anaphunzitsa amayi ndi atsikana m'zaka zovuta, za njala ya 1912 ndi 1913, pamene Alomwe ambiri ankalowa m'dziko kuchokera ku Mozambique n'kumagwira thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Pa 23 Januwale 1915 nkhondo inabuka, pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa cha ku Mulanje, ndipo asilikali a boma anaphulitsa tchalitchi chachikulu cha njerwa chomwe chinali chitangomalizidwa mu 1913. Mayi Ida anatsala wamasiye ndi ana, ndipo anamwalira mu 1918 ndi chimfine chija chinapha anthu mamiliyoni pa dziko lonse.

Panali mnyamata wina wa ku Chiradzulu, Malekebu, amene ankathandiza ntchito za pakhomo pa Mayi Delaney ndi kuphunzira pa sukulu ya mishoni. Pobatizidwa anatenga dzina la bambo a mphunzitsi wake, nakhala Daniel Sharpe Malekebu. Mayi Delaney atachoka, mnyamatayu anawalondola. Anayenda mpaka ku Beira, anapeza ntchito m'sitima, ndipo pamapeto pake anafika ku America, komwe mayiwa anamuthandiza kulowa sukulu. Mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, nakhala munthu woyamba wa dziko lino kupeza digiri ya udokotala. Ife amayi timadziwa kuti mwana salondola munthu mtunda wotere chifukwa cha maphunziro a m'kalasi okha.

Ku America Mayi Delaney anayenda m'mipingo ndi m'misonkhano ya amayi kufotokoza za Africa ndi kusonkhanitsa ndalama. Mu 1912 anawolokanso nyanja, ulendo uno kupita ku Liberia, dziko la kumadzulo kwa Africa lomwe linkalamulidwa ndi anthu akuda. Kumeneko anayambitsa Suehn Industrial Mission, kumtunda kwa mzinda wa Monrovia, pa malo omwe anayamba ndi kuswa mphanje. Dzina la mishoniyo likuonetsa kuti maganizo awo sanasinthe: mwana aphunzire buku, aphunzirenso ntchito ya manja. Anakhala kumeneko zaka zisanu ndi zitatu, kuphatikizapo zaka zonse za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene sitima zinkabwera mwa apo ndi apo ndipo katundu ndi makalata zinkasowa. Nkhani ya imfa ya Chilembwe ndi kugwetsedwa kwa tchalitchi cha pa Mbombwe inawapeza ali komweko.

Anabwerera kwawo mu 1920 thupi litafooka, koma akufunabe kusonkhanitsa ndalama zoti akapitirize ntchito ku Suehn. Sanabwererenso. Anamwalira ku Fernandina mu Okutobala 1922 ndi malungo aakulu aja odetsa mkodzo, ali ndi zaka 51. Sanakwatiwe ndipo sanabereke mwana.

Dr. Malekebu anakwatira Flora Zeto mu 1919, mayi wobadwira ku Congo amene anaphunzira pa Spelman pomwe paja anaphunzira Mayi Delaney. Atayesa kubwerera kuno koyamba, boma la atsamunda linawakaniza, ndipo anakadikira ku Liberia. Mu 1926 analoledwa, nafika pa Mbombwe pomwe panali patakhala bwinja zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anatsegulanso mishoni, sukulu ndi ntchito ya pakati pa amayi. Dr. Malekebu anatsogolera P.I.M. kwa zaka zoposa makumi anayi ndipo anamwalira mu 1978.