Grover Cleveland Alexander, Woponya Mpira Wosazengereza

Kwathu ku Mangochi baseball sitisewera, koma ndidakula ndikuona asodzi akulemekeza munthu woponya khoka mosazengereza. N'chifukwa chake mbiri ya Grover Cleveland Alexander idandigwira mtima.

Alexander adabadwa m'chaka cha 1887 ku Elba, Nebraska, m'dziko la America. Pamasewerowa, ntchito yake idali kuponya mpira mwakuti mdani wogwira chibonga alephere kuumenya. Oponya ambiri amayamba aimaima, koma iye ankangoti akalandira mpira, n'kuponya pomwepo, molunjika, osataya mphamvu pachabe. Adapambana masewero 373, ndipo pamasewero 90 adani sadapeze pointi ndi imodzi yomwe.

Mu 1918 adakamenya nkhondo ku France. Adabwerako atagontha khutu limodzi, khunyu likumuzunza, mowa nawo utamulowerera. Komabe mu 1926, ali ndi zaka 39, adathandiza St. Louis Cardinals kugonjetsa New York Yankees pampikisano wa World Series. Adamwalira ali mmphawi mu 1950.

Mu 2023 akuluakulu a baseball adakhazikitsa wotchi yofulumizitsa oponya mpira. Ine ndikuona kuti Alexander sakadaifuna wotchiyo.