MARY ANNING, WOFUKULA ZAMOYO ZAKALE

Kumwera kwa dziko la England, m'mbali mwa nyanja yamchere, kuli kamzinda kotchedwa Lyme Regis. Kufupi ndi kamzindako kuli maphompho aatali a miyala yofeŵa ndi dothi lamakande. Kale kwambiri, zaka pafupifupi 200 miliyoni zapitazo, dera lonselo lidali pansi pa nyanja. Zamoyo za m'nyanjamo zikafa zinkamira ndi kukwiririka m'matope. Popita nthaŵi matopewo adasanduka miyala, ndipo mafupa ndi zigoba za zamoyozo nazonso zidasanduka miyala. Kumeneku n'kumene kudabadwira Mary Anning pa 21 Meyi, 1799.

Atate ake, a Richard Anning, adali mmisiri wa matabwa, ndipo banja lao lidali losauka. Mwa ana khumi amene adabadwa m'banjamo, aŵiri okha ndiwo adakula: Mary ndi mlongo wake Joseph. Mary yemweyo adapulumukira m'kamwa mwa mbuzi ali khanda. M'chaka cha 1800 mai wina adamnyamula naima naye pansi pa mtengo pamodzi ndi anzake aŵiri. Mphezi idagwa pamtengopo nipha akazi onse atatu, koma mwanayo adatsitsimuka.

Popeza ndalama za ukalipentala sizinkakwanira, a Anning ankapita kumaphompho kukatola miyala ya maonekedwe achilendo, n'kumagulitsa kwa alendo odzacheza kunyanja. Popita kumeneko ankatenga ana ao aja. Motero Mary adaphunzira akali wamng'ono kuzindikira mwala umene uli ndi kanthu m'kati mwake. Mwa zopezeka m'miyalamo mudali zigoba zopindika ngati nyanga ya nkhosa, zotchedwa amonaiti. Mudalinso makirinoidi, amene anthu ambiri amaŵatcha maluŵa a m'nyanja. Poyang'ana, kirinoidi amafanana ndi duŵa lokhala ndi phesi lalitali, koma si chomera ai. Ndi kanyama kamene kamatambasula timanja take tambirimbiri m'madzi kuti kakole chakudya. Phesi lake ndi timafupa tosanjikizana ngati mikanda, ndipo tina tikayoyoka timaoneka ngati tinyenyezi ta nsonga zisanu.

Mary sadapite patali ndi sukulu. Kuŵerenga ndi kulemba adaphunzirira ku Sande Sukulu ya mpingo wao. M'chaka cha 1810, iye ali ndi zaka 11, atate ake adamwalira ndi chifuwa chachikulu, atavulalanso chifukwa chogwa paphompho. Adasiya ngongole zambiri, ndipo banjalo lidayamba kudalira thandizo loperekedwa kwa amphaŵi. Kutola miyala kuja tsopano kudasanduka njira yopezera chakudya.

M'chaka cha 1811 Joseph adapeza chibade chachikulu, chotalika kupitirira mita imodzi, chokhala ndi mano ambiri ndi malo a maso aakulu zedi. Anthu adayesa kuti ndi mutu wa ng'ona. Mary sadaleke kufufuza pamalopo kufikira chaka chotsatira, pamene adapeza thupi la nyamayo. Idali nyama ya m'nyanja, yooneka ngati nsomba koma ya m'gulu la zokwaŵa, imene pambuyo pake akatswiri adaitcha Ichthyosaurus. Munthu wina wolemera wa m'deralo adaigula ndi mapaundi 23, kenaka idakaonetsedwa ku London.

Ntchito ya Mary idali yoopsa ndiponso yofuna kuleza mtima. Nthaŵi yabwino yofufuza idali nyengo yachisanu, chifukwa ndi pamene mvula ndi mafunde zinkagumula maphompho ndi kuvundukula zimene zidabisika. Iye ankayenera kufulumira, popeza mafunde omwewo ankatha kukokolola zonse tsiku lomwelo. Ankanyamuka madzi akaphwa m'gombe, atatenga nyundo ndi dengu, ndipo ankayenera kubwerera madziwo asanadzazenso ndi kumtsekera njira.

Kupeza mafupa kudali chiyambi chabe. Akafika nawo kunyumba, ankasema mwalawo pang'onopang'ono ndi zipangizo zosongoka mpaka fupa lililonse litaonekera. Dzanja likatsetsereka pang'ono, chinthu chimene chidasungika zaka mamiliyoni chikadaonongeka m'kanthaŵi kochepa. Mafupa othyoka ankaŵalumikiza, ndipo aakulu ankaŵakhazika m'mafelemu a matabwa kuti asabalalike paulendo. Ankajambulanso zithunzi za zimene wapeza ndi kuzitumiza kwa ofuna kugula.

Ngakhale zidali choncho, umphaŵi sudachoke msanga pakhomopo. M'chaka cha 1820 a Thomas Birch, amene ankagula miyala kwa banjali, adamva chifundo poona kuti a Anning ayamba kugulitsa mipando yao kuti alipire nyumba. Tsono adagulitsa miyala imene adasonkhanitsa, napereka ndalamazo kwa banjalo.

Mu Disembala 1823 Mary adafukula mafupa athunthu a nyama ina yodabwitsa, yotchedwa Plesiosaurus. Idali ndi mutu waung'ono, khosi lalitali kwambiri ndi ziŵalo zinai zopalasira madzi. Georges Cuvier, katswiri wotchuka wa ku France, ataona chithunzi chake adakayika, poganiza kuti wina walumikiza mafupa a nyama zosiyana. Mlanduwo udali waukulu kwa Mary. Akadapezeka kuti ndi wonyenga, palibe akadagulanso kanthu kwa iye. Akatswiri atapenda mafupawo mosamala adapeza kuti ndi enieni, ndipo Cuvier adavomera kuti adalakwa. Kuyambira pamenepo dzina la Mary lidamveka m'maiko ambiri.

Mary adadziphunzitsa yekha zambiri. Ankabwereka zolemba za akatswiri, n'kuzikopera pamanja pamodzi ndi zithunzi zake. Ankatumbula nsomba zamasiku ake kuti amvetse bwino matupi a nyama zakale. M'chaka cha 1826 adatsegula sitolo yake ku Lyme Regis, ndipo mu 1828 adapeza mafupa a chokwaŵa chouluka, choyamba kupezeka kunja kwa Germany. Adaonanso kuti timiyala tina topezeka m'mimba mwa Ichthyosaurus tikasweka timakhala ndi minga ndi mamba a nsomba. Zimenezi zidathandiza William Buckland kutsimikiza kuti timiyalato ndi ndoŵe zakale, ndipo akatswiri adayamba kudziŵa zimene nyamazo zinkadya.

Komabe Mary adali ndi chomuŵaŵa mumtima. Popeza adali mkazi, sankaloledwa kuloŵa m'bungwe la akatswiri a miyala la Geological Society of London. Amuna ophunzira ankagula mafupa kwa iye ndi kumfunsa nzeru, koma polemba mabuku ao kaŵirikaŵiri sankatchula dzina lake. Ena mwa iwo, komabe, sadamuiŵale pamavuto. Mu 1830 Henry De la Beche adajambula chithunzi cha nyama zakalezo zili zamoyo m'nyanja, ndipo ndalama zogulitsa chithunzicho adapatsa Mary.

Mu Okutobala 1833 phompho lidagumuka iye ali pantchito. Mary adapulumuka, koma galu wake Tray, amene ankamperekeza masiku onse, adafera pomwepo. Patapita zaka ziŵiri adatayanso ndalama zambiri zimene adasunga. Buckland ndi anzake adamkonzera thandizo la mapaundi 25 pachaka. Mary adamwalira ndi khansa ya m'maŵere pa 9 Malichi, 1847, ali ndi zaka 47, naikidwa ku Lyme Regis komweko.

M'masiku amene Mary adabadwa, anthu ambiri sankakhulupirira kuti mtundu wa nyama ungathe kutheratu padziko lapansi. Mafupa amene iye adafukula ndi kuyeretsa ndi manja ake adakhala umboni woti padali nyama zambiri zimene lero kulibe. Ena mwa mafupawo amasungidwa m'nyumba ya Natural History Museum ku London. M'chaka cha 2022 anthu adaimika chifanizo chake ku Lyme Regis, pafupi ndi gombe limene ankayendamo. Akuluakulu amati kanthu n'khama. Mwana wamasiye wa mmisiri wa matabwa uja adaphunzitsa anthu amene adali ndi maphunziro apamwamba kuposa iye.

MAFUNSO

1. Kodi mafupa a zamoyo zakale adasanduka bwanji miyala?
2. Fotokozani maonekedwe a kirinoidi. Kodi ndi chomera kapena nyama?
3. N'chifukwa chiyani Mary ankafufuza mafupa m'nyengo yachisanu?
4. Kodi chikadamchitikira Mary n'chiyani Cuvier akadapanda kuvomera kuti adalakwa?
5. Tchulani anthu aŵiri amene adathandiza Mary, ndipo nenani m'mene adamthandizira.